Chithunzi chikuoneka koma mawu zii: vuto si TV, ndi chingwe

Mwezi watha ndinachita manyazi pamaso pa agogo anga. Anachokera kumudzi kudzaonera kanema wa chinkhoswe cha achemwali, ndipo pabalaza kwathu ku Kawale munadzadza, ana mpaka pawindo. Kanemayo anali mu laputopu yanga. Ndinalumikiza chingwe chomwe ndinabwereka kwa mnzanga, chithunzi n'kubwera pa TV bwinobwino, koma mawu zii. Timawu timangomveka pang'ono mu laputopumo. Agogo anafunsa ngati masiku ano anthu akuvina popanda ng'oma.

Amalume anagamula pomwepo kuti TV yafa sipika, ipite kwa okonza. Akanawononga ndalama zaulere. Chingwe chija chinali cha VGA, chija cha mutu wabuluu, timano 15 ndi tizomangira tiwiri m'mbali. VGA inayamba ndi kampani ya IBM mu 1987 ndipo ntchito yake ndi kunyamula chithunzi basi. Ngakhale mutakweza voliyumu mpaka kumapeto, mawu sadutsamo. Pamafunika kachingwe kena ka 3.5mm, kochokera pobayira mahedifoni kupita pa "audio in" ya TV kapena ku sabuufa.

Chingwe chonyamula zonse ziwiri, chithunzi ndi mawu, ndi HDMI. Ngati laputopu ndi pulazima yanu zili ndi kabowo kake, nkhani yatha. Bayani, tengani rimoti, dinani Source kapena Input, musankhe nambala ya HDMI yomwe mwabayapo. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, kenako Duplicate kuti zomwe zili pa laputopu zionekenso pa TV. Mawu akakanirira mu laputopu, dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja n'kusankha dzina la TV. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa, chonsecho ndi ntchito ya masekondi.

Komatu tisanamizane, si nyumba zonse ku Mgona, ku Chinsapo kapena kwa Biwi zomwe zili ndi pulazima. TV zakale zija zotupa kumbuyo zikadalipo, ndipo zambiri zikugwira ntchito ndi dekoda ya Kiliye Kiliye. Zimenezi zili ndi timabowo titatu: kachikasu ka chithunzi, koyera ndi kofiira ka mawu. Apa ndi pomwe anthu akubetsa ndalama.

M'misika mumapezeka chingwe chomwe mbali ina ndi HDMI, mbali inayo mitu itatu yamitundu ija. Chimaoneka ngati yankho, koma pa laputopu sichigwira. Chifukwa chake n'chakuti laputopu imatulutsa uthenga wa dijito pomwe TV yakale imamva wa analogi, ndipo waya paokha sangamasulire. Pamafunika kabokosi komasulira, komwe nakonso kamadya moto kudzera pa USB. Werengani zomwe alembapo musanapereke ndalama: mukufuna HDMI2AV, osati AV2HDMI. Timabokosi timeneti timafanana ngati mapasa koma kalikonse kamayendera mbali imodzi yokha. Chithunzi chikabwera chopanda mtundu kapena chikumathamanga, m'mbali mwake muli kaswitchi ka NTSC ndi PAL. Kankhirani ku PAL, yomwe ma TV akuno amagwiritsa ntchito. Musayembekezere zodabwitsa: filimu ionekadi, koma timalemba ta asayimenti yanu tidzakhala mbuu.

Ine langizo langa, nyamulani laputopu popita kukagula, ayese muli pomwepo. Wogulitsa akayamba za "aise, izi ndi orijino, sitiyesa", dziwani kuti mawa sadzakudziwani.

Nanga foni, poti ambirife tilibe laputopu? Kukhala ndi kabowo ka USB-C sikutanthauza kuti foni itulutsa chithunzi pa chingwe. Mafoni ambiri otsika mtengo sachita zimenezo, ndiye osathamangira kugula adaputa. Ngati TV ndi ya smart, yesani Cast kapena Screen Mirroring. Kuonetsa kanema yemwe ali kale mu foni mwanjira ya mirroring sikudya bandulo. Chodya bandulo ndi kuonera pa intaneti, ndipo posankha HD chifukwa sikirini yakula, bandulo ya sabata itha kuthera pa mpira umodzi.

Kunena za magetsi, akathima laputopu imapitiriza ndi batire koma TV imazima. Zulani pulagi ya TV ndi chaja, chifukwa nthawi zina pobwera amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso.

Kwathu kuja zinatha chonchi: mng'ono wanga anathamangira kwa aneba kukabwereka kachingwe ka mahedifoni, tinabaya ku sabuufa, nyimbo n'kuphulika. Agogo anatiuza kuti tibwezere poyambirira, ndipo pofika pomwe ankhoswe amanyamula nkhuku anatibwezetsanso kawiri.