Turbo yatsopano simangidwa mothamanga

Kuno ku Dwangwa galimoto za dizilo zimameza fumbi la m'minda ya nzimbe, kuphatikizapo phulusa nyengo yotentha nzimbe ikafika. Toyota Hilux ya achimwene anga, yonyamula usipa kupita ku Lilongwe, itayamba kufuka utsi wa buluu n'kumalephera zitunda, makaniko anati turbo yatha. Fizi ya ana awo atatu imachokera m'galimoto imeneyi.

Poti ndimaphunzitsa sayansi, ndinakhala pambali kuonerera. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo choiteteza chachikulu kuti isapse ndi oyilo. N'chifukwa chake makanikoyo anayamba wakhetsa oyilo wakale, n'kusintha fyuluta ya oyilo ndi ya mpweya. Paipi yobweretsa oyilo anaipeza itatsekeka ndi zinyalala zouma ngati makala. Ndiyo inapha turbo yakaleyo, ndipo ikanaphanso yatsopanoyi. Ambiri amaumira pomwepa, chonsecho paipiyo ndi yotchipa.

Atamanga, anathira oyilo m'turbomo n'kuizunguza ndi chala asanalize injini. Kenako anaisiya ikulira pang'onopang'ono mphindi zisanu, iye atagona pansi kuyang'ana ngati pakudontha.