Kalata yochenjeza za moto idatsalira ku Japan, lole ili pa Kande

Aliyense wochita geni ya nsomba pakati pa nyanja ndi tauni akuudziwa msewu wa M5. Ukachoka ku Nkhotakota nkudutsa minda ya nzimbe ku Dwangwa, umafika pa Kande usanalowe Chintheche. Apa mpamene timalole ta matani awiri kapena atatu, ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu Elf, timaima kupakira matumba a usipa, chinangwa ndi nthochi zopita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pamwamba pa katunduyo pamakhalanso eni ake, poti matola ndiye basi ya munthu wa geni.

Funso langa kwa inu amalonda nali: mwa malole amenewa, ndi angati omwe kampani yowapanga idavomera kale kuti ali ndi chilema choti nkuyambitsa moto, mwini wake pano osadziwa kanthu?

Kumaiko komwe magalimoto amapangidwa kuli dongosolo lomwe pa Chingerezi amati recall. Kampani ikazindikira kuti mtundu wina wa galimoto udatuluka m'fakitale ndi vuto loika moyo pachiswe, imadziwitsa boma, nkulembera kalata aliyense amene adagula kuti abwere nayo idzakonzedwe ulere. Si chifundo ayi, ndi lamulo.

Nkhani yomwe ophunzira zamagetsi ayenera kuidziwa ndi ya Ford ku America. Pakati pa 1999 ndi 2009 kampaniyi idaitanitsa magalimoto oposa 14 miliyoni, kuphatikizapo mapikapu a F-150 ndi mavani a Econoline omwe amisiri ndi amalonda akumeneko amadyera. Chilema chake chidali kaswitchi kakang'ono komangidwa pomwe pamakhala mafuta a buleki. Kakakalamba, mafutawo ankadonthera mbali ya magetsi, mkati nkuchita dzimbiri, kenako shoti. Choopsa nchakuti magetsi ankafika pa kaswitchiko nthawi zonse, ngakhale injini itazimitsidwa, kiyi ali m'thumba. Magalimoto ankayaka okha usiku, ena kuyatsa ndi nyumba zomwe. Nanga mankhwala ake adali chiyani? Kanthambo kokhala ndi fyuzi. Basi. Sungani mawu amenewa, tibwererako.

Tsono malole athu ambiri sachokera ku America. Ndi ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan, otsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe. Ku Japan nako dongosololi lilipo, ndipo nlokhwima, koma lidakhwima anthu atalira kaye. M'chaka cha 2000 zidaululika kuti Mitsubishi idakhala ikubisa madandaulo a ogula kwa zaka zoposa 20. Mu Januwale 2002 tayala lidazuka pa chilole chachikulu cha kampaniyi mumzinda wa Yokohama nkupha mayi yemwe ankayenda ndi ana ake m'mbali mwa msewu, koma kuvomera kuti vuto lidali la m'fakitale kudadza mu 2004. Limenelo silidali vuto la magetsi, komanso sidali Canter, tisanamizire. Chomwe tikutolapo nchakuti kampani siimangodzuka nkuulula yokha chilema chake popanda woikakamiza.

Vuto lathu lagona apa. Kalata ya recall imapita kwa munthu yemwe dzina lake lili m'kaundula wa boma la Japan. Lole ikachotsedwa m'kaundulamo kuti itumizidwe kunja, chingwe chaduka. Mwini woyamba mwina adaikonzetsa, mwina ayi. Ndipo chilema chikadziwika lole ili kale kuno, ndani angalembere kalata bambo wa pa Kande amene adaigula kwa mnzake wa ku Mzuzu, naye adaigula kwa wina wa ku Karonga, bulubuku likadali m'dzina la munthu wachitatu?

Oyandikana nafe adaonetsa kuti boma likhoza kuuma mutu. Ku South Africa magalimoto a Ford Kuga atayamba kupsa m'misewu, bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission lidapanikiza kampaniyo mpaka mu Januwale 2017 idaitanitsa magalimoto 4,556, ndipo mu 2019 idavomera chindapusa cha R35 miliyoni. Koma amenewo adali ogulidwa atsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, eni ake odziwika maina. Athuwa ndi ana amasiye.

Komabe tisaloze chala ku Japan kokha, pakuti moto wambiri timauitana tokha. Malole a dizilo ambiri amtunduwu amayendera mavolti 24, mabatire awiri olumikizana. Dalaivala akafuna wailesi, timagetsi tokongoletsa ndi potchajira mafoni a okwera, amapeza makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, uyo nkuba magetsi pa batire limodzi, nthambo nkuizengereza pa chasisi popanda fyuzi, polumikiza nkukulunga ndi pulasitiki ya shuga. Fyuzi ikapsa, m'malo mofunsa chomwe yapsera, timalowetsapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ati bola tifike. Abale, fyuzi ndi mlonda. Idapangidwa yofooka dala kuti isungunuke iyoyo nthambo zisanatenthe. Ukaimanga ndi waya wolimba, chosungunuka chimakhala nthambo yonse, ndipo batire la lole pa shoti limatulutsa ma ampu mazanamazana, okwanira kufiiritsa chitsulo. Zomwe Ford idawonongera ndalama zankhaninkhani kuti iike, ife timachotsa ndi manja athu.

Palinso nthambo yonenepa yochoka pa batire kupita ku sitata. Imeneyi pa magalimoto ambiri ilibe fyuzi nkomwe. Mabampu ndi zigamba za msewu wa kunyanja zimaigwedeza tsiku ndi tsiku, ikakhuzana ndi chitsulo khungu lake limaperepeseka, ndipo madzi odontha kuchokera ku nsomba zaziwisi amamalizitsa ntchito.

Tsono taganizani zomwe zili kumbuyo kwa loleyo. Usipa wouma, wamafuta ake, m'matumba. Lona wapulasitiki. Mabatire a nyale zomwe asodzi amakopera usipa usiku. Ndipo chiyambire kusowa kwa mafuta kwa mu 2022 ndi zaka zotsatira, tidazolowera kunyamula zigubu za petulo wa injini za maboti pakati pa katundu ndi anthu. Galimoto zozimitsa moto zili m'mizinda, ndipo kuchoka ku Mzuzu kufika pa Kande ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kutsika mapiri. Akamafika apeza phulusa. Mwini lole ngati ali ndi inshuwalansi ya third party yokha, imeneyo siibweza lole yake. Mayi amene adakongola mpamba ku banki m'khonde kuti apikule matumba asanu a usipa, Lachisanu anzake adzafuna ndalama yawo, moto kapena ayi.

Safunsa adadya phula. Makampani akuluakulu a ku Japan, monga Toyota, Isuzu, Nissan ndi Mitsubishi Fuso, ali ndi masamba pa intaneti pomwe munthu amalemba nambala ya chasisi nkuona ngati galimotoyo idaitanidwapo, ndipo ena amaonetsanso ngati idakonzedwa. Zambiri nzolembedwa m'Chijapani, koma foni imamasulira. Inu ophunzira a ku Mzuzu University ndi m'makoleji a ntchito zamanja, apa pali ganyu yabwino: kuthandiza malume anu kufufuza nambala imeneyi asanapereke ndalama. Mukapeza chilema, pitani nacho kwa ogulitsa ovomerezeka a mtunduwo. Mwina akana kukonza ulere galimoto yomwe sadaitanitse ndi iwo, koma mwadziwa chitsulo choyenera kusintha.

A Road Traffic nawo, popereka COF amayang'ana mabuleki, matayala ndi nyale. Chingalephereke nchiyani kuti atsegulenso bokosi la mafyuzi, nkukaniza lole yomwe muli mawaya m'malo mwa fyuzi? Nanga a Competition and Fair Trading Commission, omwe ntchito yawo nkuteteza ogula, bwanji osakakamiza oitanitsa magalimoto kuti azipereka kwa wogula pepala losonyeza mbiri ya recall, nkumalengeza zilema zoopsazo pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga? Chidziwitso cha Chingerezi pa Facebook sichifika padoko.

Podikira akuluakuluwo, mwini lole aike switchi yodulira batire kuti usiku magetsi onse azikhala ozima, ndipo chozimitsira moto chaufa chikhale pafupi ndi mpando wa dalaivala, osati pansi pa matumba. Inu okwera, mukamva fungo la pulasitiki yopserera, menyani denga aime, tsikani nonse, katundu pambuyo. Wodula batire ayambe ndi nthambo ya negativi, ndipo chigubu cha petulo chisayandikane ndi mabatire.