Liwu Loti Spectrum: Kodi Utawaleza Ungakwanire?

M'Chilatini liwu loti spectrum linkatanthauza chithunzi kapena mzukwa. Isaac Newton, m'kalata yake yosindikizidwa mu 1672, analigwiritsa ntchito potchula mndandanda wa mitundu umene umaoneka kuŵala kwa dzuŵa kukapyola m'galasi la mbali zitatu. Tanthauzo likadathera pomwepo, bwenzi liwu lathu loti utawaleza litakwanira.

Koma mu 1800 William Herschel anapeza cheza chotentha kuseri kwa mtundu wofiira, kumene diso siliona kanthu, ndipo mu 1801 Johann Ritter anapezanso cheza chosaoneka kumbali inayo. Motero tanthauzo linatambasuka: lero liwuli limaphatikizapo mafunde a wailesi ndi cheza cha ekisireyi. Gawo looneka ndi kachigawo chabe, kuyambira pa mananomita pafupifupi 400 kufikira 700.

Vuto lagona apa. Mwana akaphunzira kuti spectrum ndi utawaleza, adzayesa kuti chosaoneka sichiŵerengedwa m'mndandandawo, ndipo phunziro la wailesi lidzamsokoneza. Choncho ife tikuti tibwereke liwulo, tizilemba sipekitiramu, liloŵe m'gulu la maina la I-Zi: sipekitiramu yooneka, sipekitiramu ya wailesi. Utawaleza usunge tanthauzo lake lakale.