Kachipangizo Koyezera Pakhosi Sikalowa M'malo mwa Dotolo

M'mwezi wa Disembala 2022 makolo a ku Britain anagwidwa ndi mantha aakulu pamene nthenda ya scarlet fever inafala m'sukulu, ndipo ana ena anamwalira tizilombo take titalowerera m'thupi. Ambiri anathamangira kukagula tizipangizo toyezera pakhosi, kuti adziwe okha ali kunyumba ngati mwana wagwidwa nayo.

Nthendayi imadza ndi tizilombo totchedwa Strep A. Mwana amayamba ndi zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi. Patapita tsiku limodzi kapena awiri pamatuluka tiziphuphu tokhakhala ngati mchenga, lilime nalo limafiira. Pa khungu lakuda kufiira kwa tiziphuphuto sikuoneka msanga, koma dzanja limamva kukhakhalako.

Kuyeza kwake n'kotere: amapukuta kukhosi ndi kathonje ka pa kamtengo, nakaviika m'mankhwala, ndipo patangopita mphindi ngati 10 mizere imaonetsa yankho. Njira yakale, yomeretsa tizilombo m'labotale, imatenga tsiku kapena masiku awiri. Kufulumirako n'kwabwino ndithu, ndipo ku France madotolo akhala akuyeza motere kuyambira 2002.

Tsono vuto lili pa kukhulupirira yankho kopitirira muyezo. Akatswiri a bungwe la Cochrane, atasanthula kafukufuku wambiri m'chaka cha 2016, anapeza kuti mwa ana 100 amene alidi ndi tizilomboto, kachipangizoka kamaphonya pafupifupi 14. Ndipo kumeneko kunali kuyeza kwa kuchipatala. Nanga kholo limene likulimbana ndi mwana wolira, kathonje n'kungokhudza lilime osafika kukhosi kwenikweni? Lidzaona kuti palibe kanthu, ligone mtima uli m'malo, nthenda ikukula. Komanso alipo ana amene amasunga tizilomboti pakhosi koma osadwala nato. Otere akagwidwa ndi chimfine wamba kachipangizo kamaloza Strep A, napatsidwa mankhwala osayenera. M'chaka cha 2019 bungwe la NICE, lolangiza zipatala za Boma ku England, silinavomereze kuti aliyense womva pakhosi aziyezedwa motere.

Dotolo sayang'ana mizere yokha. Amaona khungu, lilime ndi zotupa za m'khosi, ndipo zizindikiro zikakhala zoonekeratu amapereka penisilini wa masiku 10 osadikira china. Ku England lamulo la sukulu ndi lakuti mwana akhale kunyumba maola 24 chiyambire kumwa mankhwalawo.

Kwa Amalawi nkhaniyi si ya kutali ayi. Tizilombo tomweti, tikalekereredwa pakhosi, timatha kudzetsa nthenda yotupitsa mfundo za mafupa imene pambuyo pake imawononga mtima. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anayeza ana 1,450 m'boma la Lilongwe, napeza kuti oposa 3 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nthenda ya mtimayo asakudziwa. M'chaka cha 2018 msonkhano waukulu wa World Health Organization unapempha maboma onse kuti alimbane nayo.

Chifukwa chake aphunzitsi, amene amakhala ndi ana tsiku lonse, ali ndi mbali yawo. Mwana akadandaula pakhosi, thupi likutentha koma osatsokomola, makolo auzidwe tsiku lomwelo kuti apite naye kuchipatala. Ndipo akabwerako akumbutsidwe kuti mankhwala amalizidwe masiku onse 10, ngakhale mwanayo atayamba kale kusewera.