Sitima ya Patebulo Nayonso Imasunga Nthawi

Kuno ku Britain nyengo yozizira ikafika, kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo ndipo ana amangobindikira m'nyumba. Makolo ena pofuna kuwachotsa anawo pa foni ndi pa TV amawagulira bokosi la sitima yamagetsi yachidole: kanjini, timabogi titatu ndi njanji yozungulira. Tsiku loyamba m'nyumba monse mumakhala chisangalalo. Koma pakangotha milungu iwiri, bokosi lija limapezeka kunsi kwa bedi, ndalama zalowa m'madzi. Sitima yongozungulira, yopanda kochokera ndi kopita, imatopetsa ngakhale munthu wamkulu.

Eni dziko lino amene akhala pa masewerawa kwa zaka zambiri, omwe amawatchula kuti model railway, anapeza mankhwala ake kalekale. Sitima ya patebulo imakoma ikamagwira ntchito ya sitima yeniyeni yonyamula anthu: ikhale ndi siteshoni, inyamuke pa nthawi yake, ndipo pakhale malamulo oyendetsera.

Yambani ndi kuyeza malo

Ambirife timakhala m'nyumba zalendi zazipinda zing'onozing'ono, choncho tiyambe ndi masamu. Msinkhu wofala kwambiri ku Britain ndi wotchedwa OO, umene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 76, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pamakhala mamilimita 16.5. Pa msinkhu umenewu kilomita imodzi yeniyeni ingafune mamita 13 a tebulo. Bogi imodzi ya anthu ya mtundu wakale wa Mark 1 imatalika pafupifupi masentimita 26, kotero kuti injini ndi mabogi anayi zimadya malo opitirira mita imodzi. Sitima yothamanga ya InterCity 125 ya mabogi 8 imafika pafupifupi mamita atatu.

Apa pali lamulo loyamba: sitima isatalike kuposa pulatifomu. Ngati malo anu ndi ochepa, sankhani sitima ya mabogi awiri yokhala ndi chipinda cha dalaivala mbali zonse, yonga zimene zimayenda m'mizere ya kumidzi ya dziko lino. Imeneyi imatalika masentimita 60 kapena kucheperapo. Mukhozanso kusankha msinkhu wa N, umene kuno umachepetsa zinthu ka 148 ndipo umafuna pafupifupi theka la utali wa OO.

Siteshoni ya pothera njanji

Siteshoni imene imapatsa ntchito yambiri pa malo ochepa ndi ya pothera njanji. Sitima ikafika pamenepo singapitirire, iyenera kubwerera kumene yachokera, ndipo injini yake imakhala itatsekeredwa kutsogolo. Kale pa masiteshoni ang'onoang'ono injini inkamasulidwa, n'kudzera pa kanjanji ka m'mbali, n'kukalumikizidwa kumbuyo kwa mabogi. Kuchita zimenezi patebulo kumafuna dzanja lodekha, ndipo ana amazikonda kwambiri.

M'chaka cha 1957 Cyril Freezer, amene anali mkonzi wa magazini ya Railway Modeller, anafalitsa pulani ya siteshoni ya mumzinda imene anaitcha Minories. Ili ndi mapulatifomu atatu ndipo pa msinkhu wa OO imakwana pa thabwa lotalika pafupifupi mamita awiri. Kayendetsedwe kake ndi kotere: sitima ikafika, injini ina imene imadikira pa kanjanji kakafupi imabwera kudzagwira mabogi kumbuyo n'kunyamuka nawo. Injini imene inatsekeredwa ija imatsatira pambuyo n'kukaima pa kanjanji kodikirira kaja, kuyembekezera sitima yotsatira. Mpaka lero anthu akumangabe siteshoni imeneyi, chifukwa salola woyendetsa kuwodzera.

Nanga sitima ikatuluka pa siteshoni imapita kuti? Imalowa pansi pa mlatho kapena m'phanga n'kukafika kuseri, pa thabwa lina lopanda zokongoletsa lokhala ndi njanji zitatu kapena zinayi. Malo amenewa amatchedwa fiddle yard, ndipo amaimira dziko lonse lotsala. Kumeneko mukhoza kunyamula injini ndi manja n'kuitembenuza. Woonera amangoona kuti sitima yapita ku London ndipo ina yafika kuchokera ku Leeds.

Ndandanda wa nthawi

Sitima za anthu ndi wotchi ndi pachibale. Njanji zisanabwere, tauni iliyonse ya ku Britain inkatsatira nthawi yakeyake poyang'ana dzuwa. Kampani ya Great Western Railway inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya ku London pa masiteshoni ake m'chaka cha 1840, ndipo pofika 1880 nthawi ya Greenwich inakhala ya lamulo m'dziko lonse la Britain.

Patebulo pali njira ziwiri. Yosavuta ndi yolemba makhadi otsatizana. Khadi loyamba linene kuti sitima ya antchito inyamuke pa pulatifomu 1, lachiwiri kuti sitima ya ana asukulu ifike pa pulatifomu 2, lachitatu kuti bogi ya makalata ndi katundu ichotsedwe ikaikidwe pambali. Mukamaliza khadi limodzi mumatembenuza lina, popanda kuthamangitsana ndi nthawi.

Njira yachiwiri ndi ya wotchi yothamanga. Popeza mitunda ya patebulo ndi yaifupi, nthawi nayo imafupikitsidwa. Ngati wotchi ikuthamanga ka 6, mphindi 10 zenizeni zimakhala ola lathunthu, ndipo tsiku la ntchito loyamba 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo limatha m'maola awiri. Pa foni pali mapulogalamu a wotchi yotereyi. Konzani kuti m'mawa ndi madzulo sitima zichuluke, masana zichepe, monga zimakhalira pa siteshoni ya m'dera lanu. Sitima imodzi ikachedwa, mudzaona nokha mmene imachedwetsera zinzake zonse, ndipo tsiku lina mukadzaima pa pulatifomu yeniyeni mudzamvetsa chimene chikuchitika.

Samalaninso liwiro. Pa msinkhu wa OO, sitima yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa masentimita 36 okha pa sekondi imodzi. Polowa mu siteshoni iyenera kuchita kukwawa, iime bwinobwino, idikire kuti anthu atsike ndi kukwera, kenako inyamuke pang'onopang'ono.

Chilankhulo cha mabelu

Pa njanji yeniyeni lamulo lalikulu ndi lakuti m'chigawo chimodzi cha njanji musakhale sitima ziwiri nthawi imodzi. Lamuloli linabwera ndi misozi. Pa 12 June 1889 kufupi ndi Armagh ku Ireland, mabogi odzaza ndi anthu a pa ulendo wa Sande sukulu anabwerera m'mbuyo pa chitsetso n'kuwombana ndi sitima ina imene inkabwera pambuyo. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kuyendetsa sitima za anthu m'zigawo ndi kuika mabuleki ogwira okha pa mabogi onse.

Oyang'anira zizindikiro pa masiteshoni oyandikana ankalankhulana ndi belu, ndipo pa mizere ina yakale akuterobe. Kuliza kamodzi ndi kuitana mnzako. Kuliza kanayi motsatizana ndi kufunsa ngati njira ili yotseguka kwa sitima yothamanga ya anthu. Katatu, kupuma, kenako kamodzi, ndi kufunsira sitima ya anthu yoima paliponse. Winayo akavomera amabwereza chimodzimodzi. Kawiri ndiye kuti sitima yalowa m'chigawo, ndipo kawiri, kupuma, kamodzi, ndiye kuti yatulukamo. Kunyumba supuni ndi kapu zimakwanira.

M'busa wina wa mpingo wa Anglican ku Cornwall, Peter Denny, amene anamwalira mu 2009, anamanga njanji yotchuka ya Buckingham yosonyeza moyo wa m'chaka cha 1907, ndipo ankaiyendetsa motsatira ndandanda ndi mabelu pamodzi ndi ana ake. Mwana wake Crispin atakula n'kuchoka pakhomo, bamboyo anapanga makina oti azigwira ntchito ya mwanayo kuseri kuja, ndipo anawatcha Automatic Crispin.

Aliyense ndi ntchito yake

Mutu umodzi susenza denga. Mmodzi akhale dalaivala, wina woyang'anira zizindikiro ndi mphambano za njanji, wina wa kuseri, ndipo wamng'ono kwambiri akhale wolengeza sitima. Zolengezazo zikhale m'Chichewa: sitima ya ku Balaka inyamuka 7 koloko pa pulatifomu yachiwiri, apaulendo nonse kwerani. Mwana wobadwira kuno amaphunzira manambala, nthawi ndi mayina a malo akwathu osazindikira n'komwe kuti ali m'kalasi. Ophunzira a za uinjiniya ndi makompyuta nawonso ali ndi pogwira, chifukwa njira ya DCC imalola kuyendetsa injini zingapo pa njanji imodzi, iliyonse ndi nambala yake.

Palibe chokuletsani kumanga siteshoni ya kwathu. Njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje mu 1908, ku Salima mu 1935, ndipo mu 1970 anatsegula mzere wochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi. Mphambano yonga mmene inalili ya pa Nkaya kale, ya njanji imodzi yogawika pawiri, imakwana pa thabwa limodzi ndipo ili ndi ntchito yambiri ya kudikirana ndi kupatsana njira. Njanji za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa n'zopapatiza, za mamilimita 1,067. Mukachepetsa ka 87, umene ndi msinkhu wa HO, mumapeza pafupifupi mamilimita 12, ndipo njanji ya mamilimita 12 imapezeka m'masitolo pa dzina la TT. Agogo amene anakwerapo sitima pa Limbe angakuuzeni pamene pankakhala ogulitsa nzimbe ndi nthochi.

Poyambira

Musathamangire kugula zambiri. Thabwa limodzi, sitima imodzi ndi mphambano ziwiri n'zokwanira, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pa zionetsero za makalabu zimene zimachitika m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi. Musayale njanji pa kapeti chifukwa ubweya wake umalowa m'mawilo. Tizidutswa ting'onoting'ono tikhale kutali ndi makanda, ndipo za magetsi a pakhoma azigwira ndi munthu wamkulu.

Musanagule kanthu, kaoneni anzanu. Ku London kuli The Model Railway Club, imene inayamba mu 1910, kufupi ndi King's Cross. Ku Long Wittenham m'dera la Oxfordshire kuli Pendon Museum, kumene anamanga midzi ndi sitima za m'ma 1930 mwaluso lodabwitsa. Mukafika pa chionetsero, imani pa tebulo limodzi kwa kanthawi, muone mmene oyendetsa akupatsirana sitima, ndipo muwafunse mafunso. Ambiri amakondwa kufotokoza, ndipo ena amalola mwana kugwirako chowongolera. Mukabwerera kunyumba, tulutsani bokosi lija kunsi kwa bedi, mutenge pepala ndi pensulo, mulembe nthawi imene sitima yoyamba inyamuke.