Chinsinsi cha vayolini ndi kaligo chili pa uta

Ophunzira athu ambiri vayolini amangoiona pa kanema kapena m'buku la Physics. Koma mukafunsa agogo kuno ku Phalombe, akuuzani za m'bale wake wa vayolini yemwe tili naye konkuno: kaligo, choimbira cha nsambo imodzi chodziwika pakati pa Ayao, Achewa ndi Amang'anja. Abale athu a ku Mozambique, Alomwe ndi Amakua, amachitcha tchakare. Zoimbira zonsezi sizikhwatchidwa ndi chala ngati gitala kapena banjo, koma zimakhuzidwa ndi uta. Tikufuna tifotokoze momwe utawo umatulutsira mawu.

Vayolini ili ndi nsambo zinayi: G, D, A ndi E. Inakhazikika m'maonekedwe ake a lero ku Italy cha m'ma 1550, ndipo mzinda wa Cremona unatchuka ndi amisiri monga Andrea Amati ndi Antonio Stradivari, yemwe anamwalira mu 1737. Koma luso lokhuza nsambo ndi lakale kuposa pamenepo. Aluya anali kale ndi choimbira chotchedwa rabab, chimene chinafika ku Ulaya n'kubala rebec, limodzi mwa makolo a vayolini.

Uta wa vayolini ndi kamtengo komangidwa ubweya wa kumchira kwa hatchi. Ubweyawo pawokha ndi woterera, choncho woimba amaupaka utomoni wouma. Wa kaligo nayenso amapinda kamtengo, kumangapo khonje kapena luzi, n'kupaka utomoni. Utomoniwo umagwira nsambo n'kuikoka pang'ono. Nsambo ikakungika imapulumuka n'kubwerera, uta n'kuigwiranso. Kugwira ndi kupulumukaku kumachitika mofulumira zedi: pa nsambo ya A kumachitika ka 440 pa sekondi imodzi. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1860. Choko chikalira pa bolodi, kapena chitseko chikamalira pochitsegula, chimachitika n'chomwechi.

Woimba amayang'anira zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba ndi liwiro la uta: ukathamanga, mawu amakula. Chachiwiri ndi kulemera kwa dzanja: ukakanikiza kwambiri mawu amasasa, ukapepuza kwambiri amangolira ngati likhweru. Chachitatu ndi malo amene uta ukukhudza: pafupi ndi kamtengo kochirikiza nsambo mawu amatuluka amphamvu ndi akuthwa, ukatalikirako amafewa. Zitatuzi zimayendera limodzi, moti ukasintha chimodzi uyenera kusinthanso chinzake.

N'chifukwa chake wophunzira vayolini amayamba ndi uta, zala za kumanzere zisanayambe ntchito. Amaika vayolini pa phewa la kumanzere, chibwano chili pamwamba pake, n'kugwira uta ndi dzanja lamanja, chala chachikulu chitapindika pang'ono ndipo zala zina zili zomasuka. Kenako amakoka uta wonse pang'onopang'ono pa nsambo imodzi, kutsika ndi kukwera, akuonetsetsa kuti ukuyenda mowongoka, mopingasa nsambo. Ambiri amachitira pa kalilole kuti aone ngati uta ukukhota. Dzanja louma ngati la munthu wogwira khasu silitulutsa mawu abwino.

Kusiyana kwakukulu kuli ku dzanja lamanzere. Wa vayolini amakanikiza nsambo mpaka igunde thabwa lakuda la pakhosi, pomwe wa kaligo amangoikhudza ndi zala osaigunditsa pamtengo. Onse awiri akufupikitsa mbali ya nsambo imene ikunjenjemera, ndipo nsambo ikafupika mawu amakwera. Ophunzira a Physics, lamulo limeneli mulikumbukire pa mayeso a MSCE.

Vayolini ili ndi mabuku ndi masukulu padziko lonse, koma kaligo amaphunziridwa poona ndi pomvetsera. Hugh Tracey anajambula mawu a oimba kaligo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo akusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawu akhoza kusungidwa kutali chotero, koma kayendetsedwe ka dzanja kamapita ndi mwini wake. Choncho tikupempha makolo ndi akuluakulu a komiti: ngati m'mudzi mwanu muli wodziwa kusema kapena kuimba kaligo, tidziwitseni ku ofesi ya sukulu, kuti ana athu adzaone ndi maso zimene amawerenga m'buku.