Nyongolotsi za mudala wa ku Kasanda zinapita kuti?

Pa basi yochokela ku Intercity kupita ku Kabwe, mudala wina anatiseketsa tonse. Akuti Loweluka anafuna kukawedza nsomba, ndiye anakumba kuseli kwa nyumba yake ku Kasanda kufuna nyambo. Ola lonse, nyongolotsi zitatu chabe, nazonso zoonda. "Kumunzi ukamenya khasu kamodzi zimabwela maningi. Manje kuno zinayenda kuti?" Kondakita anati mwina zinathawa lendi.

Tinaseka, koma funso la mudala lili ndi yankho. Mgodi wa Broken Hill unakumba ledi ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994. Utsi ndi fumbi lake zinagwela m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ledi siwola ngati makoko a chimanga. Ikalowa m'dothi imakhala momwemo, ndipo mphepo ikali kubweletsa ina kuchokela ku Black Mountain.

Manje ganizilani nyongolotsi. Chakudya chake ndi dothi lomwelo, ndipo imapuma ndi khungu lake lonyowa. Choncho ledi ndi kadimiyamu zimailowa njila ziwili, pakamwa ndi pakhungu. Thupi lake limayesa kudziteteza posunga zitsulozi m'minofu yozungulila matumbo. Zikachuluka, nyongolotsi imakula mochedwa, imaonda, imaikila mazila ochepa, ndipo ambili saswa. Zina zimangothawila kumene dothi lili bwinoko. Apa kondakita sananame kwenikweni.

Zikasowa, dimba limadziwa. Nyongolotsi ndizo zimaboola timabowo tolowela madzi ndi mpweya, ndi kusandutsa masamba owola kukhala manyowa. Popanda izo dothi limalimba, madzi a mvula amangoyenda pamwamba, lepu imakula monyinyilika.

Koma zoopsa kwambili ndi zija zitatu zimene mudala anapeza. Nyongolotsi yopulumuka imayenda ndi zitsulo m'thupi. Nkhuku ya pakhomo ikaitola pamodzi ndi dothi, zitsulo zasamukila mwa nkhuku. Akatswili a UNZA ndi anzawo a ku Hokkaido University ku Japan anapima nkhuku zoyendayenda za pafupi ndi mgodiwu, napeza ledi ndi kadimiyamu wambili m'chiwindi ndi mu impso. Nanga kunyumba kwanu chiwindi amapatsa ndani? Nthawi zambili mwana. Ndipo ledi imaononga kwambili ubongo wa ana aang'ono.

Amai ena amene anakhala pawindo anati iwo nkhuku zawo anazitsekela m'khola, ndiwo amabzala m'masaka ndi dothi lochokela kutali, ndipo ana awo anakawapimitsa magazi ku kiliniki. "Imwe atate, nyambo mukagule kwina. Adzukulu anu asamasewele pamene munakumbapo."

Mudala anakhala chete mpaka tinadutsa Chisamba. Kenako anatulutsa foni, naimbila kunyumba kufunsa ngati dzenje lija analikwilila.